Adzasunge Ndani?

Nkhungu yatsika pa Luwinga folo isanakwane,
mawindo a ofesi atuluka thukuta.
Ine ndili pakona, jekete mpaka m'makutu,
ntchito yanga lero n'kulemba zomwe akulu agwirizana.
Chiyambire m'mawa tsamba likadali mbee.

Suzgo akuti: tisiyire chimango.
Anthu anakhala pansi, anapangana muyezo umodzi.
Chigawo chilichonse cha pulogalamu chingotchula zomwe chasenza,
dzina la mlimi, makilo a khofi, tsiku,
kusunga n'kwa seva,
monga katundu wa pa basi
amene umapatsira kondakitala, iwe n'kupinda khosi kugona.

A Nyaunthali akusekera m'mphuno.
Kondakitala ameneyo, akutero, anandisowetsera thumba pa Jenda.
Mzere uliwonse wopita kunkhokwe ndiulembe ndekha,
ndi zala izi,
kuti ukadzaduka pakati pa usiku ndidzadziwe pogwira.
Chimango chanucho chimagogoda kunkhokwe kakhumi
pa funso limodzi lokha,
ndipo netiweki ya ku Misuku ilibe nthawi ya malonje.

Nanga mukadzapita? Suzgo wafunsa osayang'ana munthu.
Adzaiwerenge ndani mizere yanu
yokhota ngati tinjira ta ku Masasa?

Zii.
Tonse tikudziwa za pasipoti
yomwe ili m'chikwama chawo chiyambire Juni.

Tiyi wazizira kachiwiri.
Adumphira pa nkhani ya nambala:
mudzi umodzi uli ndi a Msukwa asanu ndi awiri,
atatu mwa iwo ndi a Yotamu.
Tiwasiyanitse ndi chitupa, kapena makina awapatse nambala yawoyawo?
Tikaitana mlimi, abwere ndi minda yake yonse, ngongole ndi feteleza,
kapena abwere yekha, zinazo zidikire kunja mpaka zitafunsidwa?
Akamwalira timufufute,
kapena tingoika kachizindikiro pambali pa dzina?
Bolodi ladzaza mabokosi ndi mivi,
mivi ina yabwerera kukalasa bokosi lomwe yachokera.

Kenako thii, magetsi.
Jenereta yatsokomola kawiri n'kukumbukira kuti ilibe dizilo.
Seva pansi pa tebulo ikulira ngati mwanapiye,
batire yake imapirira mphindi zisanu ndi zitatu.

Mumdima pakamwa panga patseguka pokha.
Chaka chomwe ndinalemba mayeso a fomu folo, ndikutero,
bambo anasenza makilo makumi anayi ndi atatu kupita pa sikelo.
Makina analemba kuti khofi walowa.
Asanalembe kuti ndalama ituluke, magetsi anazima.
Buku lina linati alandira katundu,
buku lina silinamvepo dzina lawo.
Anayenda miyezi inayi ndi kapepala kofufutika m'thumba la shati
mpaka mvula inakamaliza.

Palibe wayankha.
Kunja wa kabaza akuliza belu, kuitana munthu wosaoneka.

Lemba, atero a Nyaunthali, mawu atatsika.
Zilowe zonse pamodzi, apo ayi pasalowe kanthu.
Suzgo wayatsa tochi ya foni, waunika tsamba langa.
Ndalemba. Inki ikukana, ndakanikiza
mpaka zilembo zatulukira kuseri.

Zimenezotu chimango chimachita chokha, wanong'ona Suzgo.
Chimachita ukachiuza bwino, ayankha a Nyaunthali,
ndipo ayambiranso,
potseka chitseko, potsika masitepe,
mpaka pa mphambano ya ku Katoto
pomwe wina akhotera ku Mchengautuwa, wina ku Chibavi,
aliyense akukuwa mfundo yake yomaliza kudutsa msewu.

Ine ndapinda tsamba kanayi.
Mvula yamawawa yayamba.
Ndaliika m'thumba la shati,
kenako ndaima,
ndalitulutsa,
ndalijambula ndi foni,
ndatumizira onse awiri.